Nkhafi, Thanga ndi Sukulu ya Amalinyero: Kuchokera ku Monkey Bay Kufika pa Mtsinje wa Rusa

Boma la Mchinji, limene kale linkatchedwa Fort Manning potengera dzina la William Manning yemwe pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Nyasaland, limadziwika ndi mtedza, fodya, chimanga ndi chipata cha Mwami cholowera ku Chipata, ndipo munthu wochokera kumeneko amayenda mtunda woposa makilomita 200, kudzera ku Lilongwe, asanaponde mchenga wa ku Salima. Pa chifukwa chimenechi, nkhani ya magulu opalasa ngalawa ndi oyendetsa zombo za matanga, amene m'maiko ambiri amaleredwa m'makoleji a amalinyero, imamveka ngati ya eni nyanja okhaokha. Komatu bomali, limene pa kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu oposa 600,000, ndilo mutu wa mtsinje wa Bua, umene umayambira m'mapiri a kumalire, n'kulandira madzi a Rusa ndi timitsinje tina ta m'madambo, usanakathire m'nyanja kumpoto kwa boma la Nkhotakota. Mvula ikakhazikika, mitsinje imeneyi imadula njira zopita ku chigayo, ku chipatala, ku msika ndi ku maliro, kotero kuti midzi ina imatsala ikudalira munthu mmodzi wa bwato ndi nkhafi yake. Luso limene munthu ameneyo amagwiritsa ntchito ndi lomwelo limene makoleji a amalinyero anaona kuti silingaphunzitsidwe pa bolodi, ndipo ndicho chinabala mipikisano yawo.

Mawu akuti kupalasa amanyamula ntchito ziwiri zosiyana zimene ziyenera kulekanitsidwa. Pa bwato la chibadwidwe, losemedwa kuchokera ku thunthu limodzi la mtengo monga mbawa, chonya kapena nsangu, wopalasa amayang'ana kumene akupita, nkhafi ili m'manja mwake popanda pomangirira, ndipo amawongola bwato popotoza nkhafiyo kumapeto kwa mpalaso uliwonse. Pa ngalawa za mipikisano ndi pa maboti opulumukirapo a m'sitima zikuluzikulu, nkhafi imakhala yaitali, yotsamira pa kachitsulo kokhomedwa m'mphepete mwa ngalawa, ndipo wopalasa amafulatira kumene akupita chifukwa amakoka ndi msana komanso miyendo, osati ndi mikono yokha. Popeza onse afulatira njira, pamafunika munthu wina wokhala kumbuyo, wogwira chiwongolero, amene yekha ndiye amaona kutsogolo ndi kupereka mawu, pomwe wopalasa woyandikana naye, yemwe anzake onse amamuona msana, ndiye amaika liwiro limene aliyense ayenera kutsatira. Thanga nalo ndi nsalu yolimba yomangidwa ku mlongoti, ndipo ntchito yake si kungokankhidwa ndi mphepo yochokera kumbuyo monga ambiri amaganizira. Likakokedwa bwino, mphepo imadutsa mbali zake ziwiri ngati mmene imadutsira pa phiko la mbalame, pomwe thabwa lolowa m'madzi pansi pa chombo limaletsa chombocho kutengedwa cham'mbali, kotero kuti katswiri amatha kulowera kumene mphepo ikuchokera poyenda mokhotakhota, uku kupita kumanja, uku kubwerera kumanzere.

Mipikisano yopalasa sinayambire m'manja mwa anthu ophunzira, ngakhale kuti lero imaoneka ngati masewera a ana a anthu olemera. Mumzinda wa London, pamene milatho inali yosowa, anthu ankawoloka mtsinje wa Thames pa ngalawa za aganyu, ndipo aganyuwo ankapikisana okhaokha, owonerera akubetcha. Mu 1715, katswiri wina wa zisudzo dzina lake Thomas Doggett anaika mphoto ya jekete ndi baji ya siliva kwa anyamata ongomaliza kumene kuphunzira ntchito yowolotsa anthu, ndipo mpikisanowo, wochokera pa London Bridge kukafika ku Chelsea, ukuchitikabe mpaka lero. Mayunivesite a Oxford ndi Cambridge anabwera mochedwa, mu 1829, ndi mpikisano wawo wa ngalawa za anthu asanu ndi atatu, umene masiku ano umathamangidwa pa mtunda wa makilomita 6.8 kuchokera ku Putney kufika ku Mortlake. Mwachidule, ophunzira anabwereka masewerawa kwa anthu ofanana ndi wowolotsa wa pa Rusa, n'kuwaveka yunifolomu.

Makoleji a amalinyero anali ndi chifukwa china chozama kuposa kusangalala. Ena mwa oyambirira sanali nyumba za njerwa, koma sitima zakale zankhondo zimene zinkaimikidwa pa nangula pakati pa mtsinje, anyamata n'kumagona, kudya ndi kuphunzira momwemo. HMS Conway inatsegulidwa mu 1859 pa mtsinje wa Mersey pafupi ndi Liverpool, HMS Worcester inatsatira mu 1862 pa Thames, koleji imene lero ndi SUNY Maritime College ku New York inayamba mu 1874 pa sitima yotchedwa St Mary's, ndipo ku South Africa sitima ya General Botha inalandira anyamata ake oyamba mu 1922 ku Simon's Town. Pa sukulu yoyandama chotere, chilichonse chochokera kumtunda, kaya ndi buledi, makalata, malasha kapena mphunzitsi amene, chinkabwera pa ngalawa yopalasidwa ndi ophunzira, m'mawa ndi madzulo, m'chisanu ndi m'mvula. Anyamata opalasa tsiku ndi tsiku sangalephere kufunsana kuti wamphamvu ndani, ndipo akuluakulu a sukuluzo anazindikira msanga kuti mpikisano umachititsa mwana kugwira ndi mtima wonse ntchito imene akanaigwira monyinyirika. Pofika m'zaka za m'ma 1890, Conway ndi Worcester zinali zikukumana chaka ndi chaka pa mpikisano wa ngalawa, ndipo Conway inkanyadiranso Matthew Webb, mwana wake wakale amene mu 1875 anakhala munthu woyamba kusambira kuwoloka nyanja ya pakati pa England ndi France.

Phindu lenileni linali pa tsiku la tsoka. Sitima yaikulu ikayamba kumira, injini zake, mapu ake ndi mayunifolomu a akuluakulu ake sizithandizanso kanthu, chotsala ndi boti laling'ono lodzaza anthu amantha, limene liyenera kutsitsidwa pa mafunde, kuchotsedwa msanga pambali pa sitimayo ndi kulozetsedwa mutu ku funde kuti lisagubuduzike. Ntchito imeneyi imafuna anthu amene anazolowera kukoka pamodzi pa mawu amodzi, amene amadziwa kuti mmodzi akatsalira ndi nkhafi yake ngalawa yonse imapendekeka, ndiponso mtsogoleri amene anaphunzira kulamula anzake a msinkhu wake popanda kukalipa. Kumira kwa Titanic mu 1912, kumene kunapha anthu pafupifupi 1,500, kunaonetsa kuti maboti opulumukirapo anali ochepa ndipo ena anatsitsidwa osadzaza, ndipo kunabala pangano la maiko la 1914 loteteza miyoyo panyanja. Pangano lina la 1978, lokhudza maphunziro ndi ziphaso za amalinyero, linakhazikitsa kuti luso loyendetsa boti lopulumukirapo likhale mbali ya maphunziro a wogwira ntchito m'sitima. N'chifukwa chake makoleji a amalinyero a ku America amapikisanabe pa maboti olemera otchedwa monomoy, aatali pafupifupi mamita 8, amene poyamba anapangidwira kupulumutsa anthu pa mafunde a m'mphepete mwa nyanja. Ulemu wa mendulo unabwera ngati chotsatira chabe, monga pamene gulu la United States Naval Academy linapambana golide pa masewera a Olimpiki ku Antwerp mu 1920 ndi ku Helsinki mu 1952.

Nyanja ya Malawi, yotalika makilomita pafupifupi 580 ndi yakuya mpaka mamita 700 chakumpoto, inali ndi akatswiri ake azungu asanaione. Anyanja, Atonga, Ayao ndi Ankhonde ankasema mabwato ndi nkhwangwa ndi nsompho, ndipo anaipatsa maina mphepo iliyonse: mwera wochokera kum'mwera chakum'mawa umene umalusa kuyambira May mpaka August, mpoto wa nthawi ya dzinja, vuma wochokera kum'mawa ndi zambwe wochokera kumadzulo. Munthu amene amasiyanitsa mphepo ndi maina amakhala atayamba kale sayansi ya ulendo wa pamadzi, ngakhale asanaone kampasi. Mwana wa kunyanja amaphunzira kupalasa atakhala chokhwanyula pamwamba pa bwato la kamwa lopapatiza, amagubuduzika kambirimbiri pa madzi osaya, amaphunzira kulitembenuza ndi kukapa madzi, ndipo akamadzafika popita ku usipa usiku, pamene siginala amakopa nsomba ndi nyali anzake n'kuzungulira ndi chilimira, amakhala atadutsa sukulu ya zaka khumi yopanda satifiketi. Usodzi wa chilimira pawokha ndi ntchito ya gulu lomvana kwambiri, pakuti mabwato okoka khoka akasiyana liwiro nsomba zimathawira pa mpata.

Matanga anafika panyanjayi ndi malonda oipa. Cha m'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Mswahili amene anakhala Jumbe woyamba wa ku Nkhotakota, anakhazikitsa dooko limene zombo za matabwa zokhala ndi thanga limodzi lalikulu zinkanyamukirapo kuwolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa, kumene ulendo wa pansi unkapitirira mpaka ku Kilwa. Ambiri mwa ogwidwawo ankachokera kumtunda, m'maiko a Achewa a m'chigwa cha Bua ndi kupitirira, kotero kuti kwa makolo ena a ku Mchinji ndi Kasungu, chombo cha thanga chinali chinthu chimene munthu ankachiona kamodzi kokha, osabwereranso. David Livingstone, yemwe anafika panyanjayi mu September 1859, anabwereranso mu 1861 ndi ngalawa ya nkhafi zinayi ndi thanga, imene anthu anaisenza kulambalala mathithi a Shire, ndipo mafunde amene anakumana nawo pa ulendowo ndiwo anachititsa kuti nyanjayi itchuke kwa azungu monga nyanja ya namondwe. Sitima yoyamba ya nthunzi, Ilala, inalowa panyanja mu October 1875 motsogozedwa ndi Edward Young, Robert Laws ali m'katimo, itasenzedwanso m'zidutswa ndi amuna mazanamazana.

Pali ulusi wina woonda umene umalumikiza mipikisano ya ku Oxford ndi nyanja ya Malawi, ndipo umadutsa mwa amishonale a mpingo wa Anglican a bungwe la UMCA, limene linabadwira m'mayunivesite omwewo. William Percival Johnson, amene anthu a kunyanja anamudziwa kwa zaka zoposa makumi anayi mpaka imfa yake ku Liuli mu 1928, anali wopalasa wotchuka m'gulu la koleji yake ku Oxford asanabwere ku Africa. Iye ndiye analimbikira ganizo lakuti midzi ya m'mphepete mwa nyanja ifikiridwe ndi sitima m'malo mwa miyendo, ndipo sitima ya Charles Janson, imene inayamba kuyenda chapakati pa zaka za m'ma 1880, inali tchalitchi, chipatala chaching'ono komanso kalasi ya aphunzitsi ongoyamba. Mnzake wa ku Oxford, Chauncy Maples, atangodzozedwa kukhala bishopu wa Likoma mu 1895, anamira pa 2 September chaka chomwecho pamene chombo cha thanga chotchedwa Sherriff chinagubuduzika ndi mphepo ya usiku chakufupi ndi Salima. Mbiri ya mpingowo imasimba kuti amalinyero achikuda anasambira n'kufika kumtunda, koma bishopuyo analemedwa ndi mkanjo wake, ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha ku Nkhotakota. Sitima imene inapatsidwa dzina lake, yopangidwa ku Glasgow ndi kulumikizidwa kwa Mponda, inalowa m'madzi mu 1901 ili ndi chipinda chophunziriramo, kotero kuti, mwa njira yake, nyanja ya Malawi inakhala nayo sukulu yoyandama pa nthawi imene Conway ndi Worcester zinali pa chimake. Kusiyana kwake n'kwakuti cholinga cha sukulu imeneyi chinali kutulutsa aphunzitsi ndi alaliki, pomwe amalinyero, okoleza moto ndi amisiri a injini, ambiri a iwo ochokera ku Likoma, ankangophunzira pogwira ntchito.

Umo ndi mmene zinakhalira kwa nthawi yaitali ya utsamunda: mzungu pa chiwongolero ndi pa mapu, Mnyasa pa chingwe, pa nkhuni ndi pa nkhafi. Nkhondo ya 1914 itayamba, sitima ya boma ya Guendolen, pansi pa Edmund Rhoades, inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pa gombe ku Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli, ndipo mfuti ya Guendolen ikuonekabe ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi. Pa malo omwewo pali chikumbutso cha tsoka lalikulu koposa m'mbiri ya sitima za panyanjayi. Pa 30 July 1946, Vipya, sitima yatsopano imene inali itangoyenda maulendo owerengeka, inagubuduzika ndi mwera chakufupi ndi Florence Bay, kumene lero ndi ku Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Ambiri analoza chala kamangidwe kake, ponena kuti inali yolemera kumwamba, moti funde likaipendeketsa sinkabwerera msanga. Ilala yachiwiri, yopangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland ndi kulumikizidwa ku Monkey Bay, inayamba ntchito mu 1951, ndipo popeza madooko ambiri alibe pokocheza sitima yaikulu, maboti ake opulumukirapo akhala akutsitsidwa sabata ndi sabata kutula ndi kunyamula anthu, matumba a usipa, mbuzi ndi malata. Chimene ophunzira a ku Ulaya amachita monga zoyeserera za tsiku la ngozi, amalinyero a Ilala akhala akuchichita monga ntchito wamba kwa zaka zoposa 70.

Koleji ya amalinyero ya dziko lino, Marine Training College, ili ku Monkey Bay, malo amene eni ake amawatcha Lusumbwe, pa dooko lobisika pakati pa mapiri limene lilinso likulu la sitima, malo okonzera sitimazo ndi msasa wa asilikali a pamadzi. Inakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1980 kuti Amalawi atenge maudindo amene kale ankagwiridwa ndi alendo, ili pansi pa nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi, ndipo maphunziro ake akuluakulu ndi awiri, oyendetsa sitima ndi osamalira injini. Dziko la Iceland, limene moyo wake wonse watsamira pa nyanja, linathandiza kolejiyi m'zaka zoyandikira 2000 kudzera m'bungwe lake la ICEIDA. Chakum'mwera pang'ono, ku Mpwepwe m'boma lomwelo la Mangochi, kuli koleji ya zausodzi ndi malo okhomera maboti a matabwa. Kayendetsedwe ka sitima kanadutsa m'manja ambiri, kuchokera ku kampani ya njanji kupita ku Malawi Lake Services, kenako mu 2010 ku kampani ya Mota-Engil, pomwe malamulo a ziphaso ndi kuyendera zombo ali m'lamulo la maulendo a pamadzi la 1995.

Masewera a matanga m'Malawi sanakulire pa kolejiyi monga mmene anakulira pa Conway kapena pa General Botha, koma m'makalabu a m'mizinda, makamaka Ndirande Sailing Club pa damu la Mudi ku Blantyre ndi Lilongwe Sailing Club pa damu la Kamuzu ku Malingunde, kumene kuchokera pachiyambi ambiri anali alendo ogwira ntchito m'makampani ndi m'mabungwe. M'magulu otere ndimo munachokera mpikisano waukulu wa panyanja ya Malawi, umene unayamba mu 1984 ndipo umachitika mu July, dala, kuti mwera ukankhe zombo kuchokera kum'mwera kupita kumpoto. Ochita nawo amagwiritsa ntchito makatamarani, ndiko kuti zombo za mimba ziwiri zoonda zolumikizidwa ndi nsalu yokhalapo, zimene zimathamanga kwambiri koma zimagubuduzikanso mosavuta, ndipo amayenda mtunda woposa makilomita 500 kwa sabata yathunthu, kuchokera ku magombe a Mangochi, kugona m'malo monga Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhotakota, mpaka kukafika dera la Chintheche ndi Nkhata Bay. Anthu ochokera ku South Africa ndi Zimbabwe akhala akubwera ndi zombo zawo pa ngolo za galimoto. Ndi mpikisano wovuta ndithu, woyenera ulemu umene umalandira, koma chombo chimodzi chotere chimagulidwa ndi ndalama zimene msodzi wa pa gombe lomwelo sangazione pa zaka zambiri, ndipo ana amene amathamangira kukakoka zombozo pa mchenga madzulo ndi omwe aja amene anabadwira pa bwato.

Kwa anansi a ku Zambia nkhaniyi inayenda mofanana, ngakhale kuti kumeneko mwambo wa makolo unasunga ulemu wake poyera. Pa mtsinje wa Zambezi ku Livingstone panachitika mpikisano wa ngalawa mu 1905, chaka chimene mlatho wa pa Victoria Falls unatha, ndipo mu August 1910 Richard Arnst wa ku New Zealand anagonjetsa Ernest Barry wa ku England pa malo omwewo polimbirana ukatswiri wa dziko lonse wa wopalasa mmodzi. Mpikisanowo unatsitsimutsidwa mu 2004, magulu a Oxford ndi Cambridge atabwera. Koma gulu lopalasa lalikulu koposa m'chigawo chino si la yunivesite iliyonse, ndi la Nalikwanda, ngalawa ya mizere yakuda ndi yoyera imene imanyamula Litunga, mfumu ya Alozi, kuchokera ku Lealui kupita ku Limulunga pa mwambo wa Kuomboka madzi akasefukira. Amuna pafupifupi 100 amapalasa ataimirira, motsatira ng'oma, kwa maola angapo, ndipo kusankhidwa kukhala mmodzi wa iwo ndi ulemu umene banja limaukumbukira. Ng'omayo imagwira ntchito yomwe ija ya wopereka mawu pa ngalawa ya ku Oxford.

Mchinji ili ndi mbiri yakeyake ya kuwoloka. Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni, amene ndi nthambi ya Angoni a Mpezeni a kutsidya kwa malire, amawerengera chiyambi cha ulendo wawo wa kumpoto pa tsiku limene Zwangendaba anawoloka Zambezi chakufupi ndi Zumbo mu November 1835, tsiku limene dzuwa linachita kadamsana, ndipo kadamsanayo ndiye amathandiza akatswiri a mbiri kutchula chakacho mosakayika. Anali anthu a ng'ombe ndi chishango, osati a nkhafi, ndipo iwo pamodzi ndi Achewa a kwa Mkanda amene anawapeza anakhala alimi a pa mtunda. Njanji, imene inafika ku Mchinji mu 1980 ndi kupitirira mpaka ku Chipata mu 2010, inalumikiza bomali ndi nyanja pa dooko la Chipoka, koma katundu ndiye anayenda pa njirayo, luso la pamadzi silinakwere nawo.

Zotsatira zake zimaoneka kumapeto kwa dzinja. Mu April 2023, bwato lonyamula anthu oposa 20 opita ku maliro linagubuduzika pa mtsinje wa Rusa, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo, kotero kuti maliro amodzi anabala maliro ena m'midzi yoyandikana. Mtsinje wa m'dambo ndi wonyenga kuposa nyanja, chifukwa m'chilimwe mwana amauwoloka madzi akulekeza m'mawondo, ndipo anthu amauzolowera ngati bwalo la kwawo, koma monga amanenera akuluakulu, madzi saiwala khwawa. Ukadzaza umafalikira m'bango ndi m'udzu, pamwamba pakuoneka bata, pomwe pakati, m'njira yake yakale, madzi akuthamanga ndi zitsa ndi zinyalala za m'minda. Okwera bwato kumeneko ambiri sadziwa kusambira, amayi amakhala ndi ana kumbuyo ndi zitenje zimene zimakulunga miyendo m'madzi monga mkanjo unachitira Maples, ndipo pa tsiku la maliro, pamene mwambo umafuna kuti mudzi wonse ufike thupi lisanapite kumanda, wowolotsa amapanikizidwa ndi azakhali ake, apongozi ake ndi anyakwawa, anthu amene pa chikhalidwe n'kovuta kuwauza kuti atsale adikire ulendo wachiwiri.

Zimene wophunzira wa chaka choyamba pa koleji ya amalinyero amaphunzira pa boti laling'ono ndi zomwezo zimene zimasowa pa dooko lotere, ndipo si zambiri. Chombo chilichonse chili ndi mbali yotsala pamwamba pa madzi, ndipo munthu aliyense wowonjezera amadya mbali imeneyo, moti ikatsala ngati chikhatho, kafunde kakang'ono kapena kugwedezeka kwa munthu mmodzi n'kokwanira kulowetsa madzi. Kulemera kuyenera kukhala pansi ndi pakati, chifukwa munthu woimirira, njinga yoimikidwa kapena thumba la chimanga losenzedwa pamutu zimakweza pamene pali mtima wa kulemerako, ndipo ichi ndi chilema chomwe chija chimene anthu anaiona nacho Vipya. Madzi olowa m'bwato ndi oopsa kuposa katundu wolemera mofanana nawo, popeza amathamangira mbali imene bwato lapendekera n'kuwonjezera kupendekako, n'chifukwa chake chokapira si chinthu choiwala kunyumba. Pa mtsinje wothamanga, mutu wa bwato umalozetsedwa chakumtunda kwa madzi, osati molunjika kutsidya, kuti mphamvu ya madziwo ithandize kulikankhira cham'mbali m'malo moligunda pa nthiti. Bwato la mtengo likagubuduzika kawirikawiri limayandamabe, kotero kuti wosadziwa kusambira amapulumuka polikakamira osati polithawa. Ndipo pa zonsezi pali lamulo limene magulu opalasa amalikhomereza kuposa ena onse, lakuti m'ngalawa mumalankhula munthu mmodzi, ngakhale atakhala wamng'ono pa onse.

Owolotsa achikulire a pa Bua ndi Rusa amadziwa zambiri mwa izi mwa kuzolowera, ndipo ena amawerenga madzi mwaluso loti mphunzitsi wa ku Monkey Bay angalisirire, podziwa kuti pamene madzi akuzungulira pali chitsa ndipo pamene asalala kwambiri ndi pakuya. Chimene alibe ndi gulu. Wowolotsa amagwira ntchito yekha, miyezi itatu kapena inayi pa chaka, pa bwato limene mwina ndi lokalamba chifukwa mitengo ikuluikulu yosemera ina yasowa m'nkhalango, popanda jekete yoyandamitsa ngakhale imodzi, popandanso bwalo limene luso lake lingayesedwe, kuyamikiridwa ndi kupatsiridwa kwa achinyamata. Chonsecho damu la ku Malingunde, kumene matanga oyera amaoneka Loweruka ndi Lamlungu, lili m'boma la Lilongwe loyandikana nalo, pa madzi ochokera m'mapiri a Dzalanyama amene amatambalala kulowera ku malire omwewo a Mchinji.

Nyengo za magulu awiriwa ndi zotembenuzana. Mu March ndi April, pamene wowolotsa wa ku Mchinji ali pa ntchito kuyambira m'bandakucha, makatamarani amakhala atafundikidwa m'mashedi, eni ake akudikira mwera. Pofika mu July, mphepo itayamba kuwomba ndipo zombo zikunyamuka ku Mangochi, Rusa amakhala ataphwa, njinga ndi ngolo za ng'ombe zikudutsa pa mchenga, ndipo bwato limakokeredwa pa dziwe lotsala kapena kufundikidwa ndi udzu pa mthunzi kuti dzuwa la October lisaling'ambe, mwini wake n'kubwerera ku dimba kukathirira tomato ndi mpiru.